Ndinkafuna Catherine Chikwakwa, ndinakapeza amayi anga

Kwathu ku Dedza kuli mbale ina yachitsulo, yoyera ya mkombero wobiriwira, yobenthuka mbali imodzi. Ndakula ndikudyeramo nyemba ndi mpiru. Tsiku lina ndili mwana ndinagenda nayo nkhuku imene inkajompha ufa pamphasa, ndipo amayi anandikalipira mopitirira mlandu wake, mpaka ndinagona osadya chifukwa cha kunyanyala. Ndinkangoti ndi ukali wawo basi. Zanditengera zaka 26, digiri ndi kamera ya mwini kuti ndidziwe mmene mbale ija inabwerera pakhomo pathu.

Ntchito yanga ku Lilongwe ndi yolembera makampani timawu ta pa Facebook ndi Instagram. Lero sopo, mawa inshuwalansi, mkuja bandulo. Imandilipirira lendi, sindingainyoze. Koma tsiku lina mu Ogasiti 2024, tikuonera Olimpiki ya ku Paris kunyumba kwa mnzanga, nkhani itafika pa Asimenye Simwaka, wina anafunsa kuti: "Kodi alipo mtsikana wa ku Malawi amene anabweretsapo mendulo ya liwiro kuchokera ku mpikisano wa dziko lonse?" Tinalipo anthu 6, tonse opita ku yunivesite, aliyense foni m'manja. Akanatifunsa za Arsenal kapena Bullets tikanayankha molimbirana. Apa tinangoyang'anana.

Usiku umenewo ndinafufuza, ndipo yankho linandichititsa manyazi. Mu Julaye 2004, pa mpikisano wa achinyamata a dziko lonse ku Grosseto m'dziko la Italy, pa mamita 5,000, woyamba anali Meselech Melkamu wa ku Ethiopia. Wachiwiri, mendulo ya siliva, anali Catherine Chikwakwa wa ku Malawi, pa mphindi 15 ndi masekondi 36. Anali ndi zaka 18. Mamita 5,000 ndi kuzungulira bwalo ka 12 ndi theka, ndipo mtunda umenewu eni ake ndi a ku Ethiopia ndi ku Kenya. Kulowa m'munda mwawo n'kutulukamo ndi siliva si masewera ayi. Ndipo mtsikana yemweyu anali atathamanga kale pa Olimpiki ya ku Sydney mu 2000 ali ndi zaka 15 zokha, komwe Maria Mutola wa ku Mozambique anatenga golide pa mamita 800.

Nditapitiriza kukumba, mayina ena anatuluka. Emesia Chizunga ndi Mabel Saeluzika anali m'gulu loyamba la Malawi pa Olimpiki, ku Munich mu 1972. Tereza Master, amene anthu amamudziwa pa Porters Race ya ku Mulanje, anathamanga marathon ku Rio mu 2016. Asimenye mwiniyo anafika mu fainolo ya mamita 400 pa Commonwealth Games ku Birmingham mu 2022. Mzere wautali ndithu, koma kuyambira pulayimale mpaka kuvala gauni palibe anandiuzapo dzina ngakhale limodzi.

Pompo ndinalumbira kuti ndipanga documentary ya mphindi 20 yonena za mpikisano wa ku Grosseto. Ndinakopa mnzanga wina amene amajambula maukwati kuti kamera ikhale yake, mawu akhale anga, ndalama tidzaona kutsogolo.

Kutsogoloko kunavuta. Filimu ya mpikisano imafuna zithunzi za mpikisanowo, ndipo ine ndinalibe. Ndinalemba makalata, ndinaimba mafoni, ndinakhala pabenchi ya ofesi ina kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka n'kuuzidwa kuti wosunga makiyi wapita kumaliro. Kwina anandiyankha mwaulemu, koma mtengo umene anatchula unandipangitsa kutseka laputopu mwakachetechete. Miyezi inapita. Mnzanga wa kamera atatopa anati: "Asisi, filimu siyambira pabenchi. Tiyeni tikajambule zimene zilipo, zinazo zitipeza."

Zimene zinalipo ndi mapiri a kwathu. Boma la Dedza lili pamwamba, mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo nsonga ya phiri la Dedza imayandikira mamita 2,200. Kumalo okwera chonchi mpweya umapyapyala, ndiye thupi limazolowera kupanga maselo ofiira ambiri m'magazi kuti okosijeni wochepayo akwanire. Munthu wotere akatsikira kuchidikha amakhala ndi mphamvu yapadera. N'chifukwa chake akatswiri a ku Kenya amakhamukira ku Iten, ndipo kamzinda ka m'mapiri ka Bekoji ku Ethiopia kanatulutsa Derartu Tulu, amene anatenga golide pa mamita 10,000 ku Barcelona mu 1992. Ndinkafuna filimu yanga iyambe ndi funso lakuti: mapiri tili nawo, kuzizira tili nako, nanga othamanga athu ali kuti? Ndinkaliona ngati funso lanzeru kwambiri. Sindinadziwe kuti yankho lake linkandiphikira nsima.

Tinafika kumudzi kwathu, chakufupi ndi Bembeke, mwezi wa Juni uli pakati. Amene mumakudziwa mukudziwa kuti nthawi imeneyi madzi a m'ndowa amaluma zala ndipo chifunga chimakhala pansi mpaka 8 koloko. M'mawa wachiwiri tinamutenga mwana wa achemwali anga, wa zaka 12, kuti athamange pachitunda cha kuseri kwa nyumba, ife tijambule akutuluka m'chifunga. Anathamanga kasanu. Ulendo wachisanu ndi chimodzi amayi anatulukira kuchokera kudimba, dengu la mbatatesi pamutu, n'kuima.

"Mwanayo akuthamanga ndi mapewa," anatero. "Muuzeni atsitse manja. Pokwera afupikitse mapazi, asamadumphe ngati mbuzi. Atopa asanafike pa mtengo uwo."

Mwana anatopadi asanafike pamtengo.

"Amayi, zimenezi mwazidziwira kuti?"

Anandiyang'ana, kenako anakonza nkhata. "Iwe nyemba umadyera m'chiyani?" Basi n'kumapita.

Anandimasulira ndi amayi aang'ono, madzulo tikusenda mbatatesi. Anaseka mpaka kugwetsa mpeni. "Iii, sukudziwa? Amako anali mphepo. Mbale yobenthuka ija ndi mphoto. Anapambana atsikana a masukulu onse a kuno, opanda nsapato."

Amayi anga ali ndi bondo lotupa. Amatsika khonde chammbali, dzanja pakhoma. M'moyo wanga wonse sindinawaonepo akuthamanga, ngakhale pothawa mvula. Akuluakulu amati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Ine mwendowo ndinkauona tsiku lililonse, koma sindinaufunsepo kumene unayenda.

Kamera anaikana. "Undijambule ine ndi mwendo uwu, anzako a ku Lilongwe aziseka?" Ndinachonderera, ndinanena za mbiri ya dziko, ndinatchula mpaka Derartu Tulu. Ayi ndithu. Masiku atatu kamera inagona m'chikwama. Ndinapita nawo kudimba, ndinanyamula madengu, ndinasiya kufunsa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tsiku lachinayi, tili pakhonde, anati: "Mawu okha ungatenge. Nkhope ayi." Ndinalowetsa foni m'sokosi kuti mphepo isawononge mawu, n'kuiika pakati pathu.

Chaka sanachikumbuke, koma nyengo ankaidziwa. Anali mu Sitandade 7. Anthu othawa nkhondo ku Mozambique anali atayamba kumanga misasa m'malire muno, koma Papa anali asanabwere. Othawa nkhondo anayamba kuchuluka mu 1986, ndipo Papa John Paul II anabwera ku Malawi mu Meyi 1989. Ndiye mpikisano wa amayi uli penapake m'zaka zitatu zimenezo. Mbiri ya kumudzi imasungidwa chonchi, pa zikhomo zimene aliyense amazidziwa.

Ndiwasiye anene okha, monga momwe foni inagwirira.

"Mizere analemba ndi phulusa. Atsikana tinalipo mwina khumi ndi awiri. Tinathamanga ndi yunifolomu yomweyo, diresi kuipinda pang'ono n'kuimanga ndi luzi m'chiuno. Nsapato zinali za Lamulungu, ndipo ine ndinalibe n'komwe. Aphunzitsi ataimba wenzulo anzanga anauluka ngati akuthawa njuchi. Ine ndinati pitani. Ndinkadziwa mtunda, pajatu kusukulu kunali kutali, ndipo ndikachedwa kutunga madzi ndinkathamanga njira yonse kuopa chikwapu. Panali mtsikana wina wamtali wa sukulu ya mishoni. Ndinabisala kumsana kwake kuti mphepo izimenya iye. Kuzungulira koyamba, kwachiwiri, kwachitatu, ndili pomwepo, ndikumva mmene akupumira. Nditamva kuti wayamba kupuma ngati chigayo chotha mafuta, pokhota pa mtengo wa bulugamu ndinatuluka. Sindinamve phokoso la anthu. Ndinangomva mapazi anga. Ndinadziwa kuti ndapambana poona aphunzitsi athu ataponya chipewa m'mwamba."

Mphoto inali mbale, sopo wamtanda ndi makope awiri. Sopo anatha, makope anadzaza. Inatsala mbale.

Usiku umenewo ndinamuuza mnzanga wa kamera kuti filimu yasintha. Anandifunsa funso loyenera: "Mpikisano wopanda chithunzi ngakhale chimodzi tiujambula bwanji?" Ku Grosseto zithunzi zilipo, vuto ndi kuzifikira. Mpikisano wa amayi sunaonedwepo ndi kamera iliyonse. Unatsala m'mitu ya anthu basi, ndiye tinayamba kusaka mituyo.

Mtsikana wamtali uja tinamupeza pamseu wa M1, pamsika wa pa Bembeke, akugulitsa mbatatesi ndi kabichi. Ndi agogo tsopano. Titatchula nkhaniyi anaombetsa manja. "Amako anapambana chifukwa ine ndinaponda minga! Ukawauze kuti tibwereze." Aphunzitsi a chipewa aja anapuma ntchito kalekale, amakhala cha ku Linthipe. Iwo anati mpikisanowo unali wa mamita 1,500, bwalo analiyeza okha ndi chingwe, ndipo amayi anatsogola kuyambira pachiyambi. Amayi akuti anabisala kumbuyo, aphunzitsi akuti anatsogola, mnzawo akuti minga. Poyamba zinandikwiyitsa, ndinkafuna choona chimodzi. Kenako ndinaona kuti kusagwirizanako ndiye umboni wakuti tsikulo linalipodi, ndipo aliyense analisunga mmene linamukhudzira. Ndinaziika zonse zitatu, mboni iliyonse ndi nkhani yake.

Tikutsanzika, aphunzitsi anandigwira dzanja. "Mwana wanga, ndinalemba kalata yoti akathamange ku boma. Akanapambana kumeneko akanapita ku Lilongwe. Pa zaka zonse zimene ndinaphunzitsa sindinaonenso mwana wodziwa kudikira ngati ameneyo. Koma sanabwere. Nditapita kukafunsa anandiuza kuti malume ake akana."

Kunyumba aliyense ananena chimodzimodzi. Malume awo a amayi, mlongo wawo wa agogo, ndiwo anakana. Kwathu kuno mwini mbumba akanena ayi, nkhani yatha. Malumewo ankakhala ku Mtakataka, kutsika phiri, ndipo anamwalira ine ndisanabadwe. Ndinaona kuti filimu yapeza munthu woipa, ndipo sangadzuke kudzatitsutsa.

Tinatsala ndi agogo, amayi awo a amayi. Ndinkangofuna andiuze mmene mwana wawo analili ali wamng'ono. Anavomera kamera mosavuta, anasinthanso mpango. "Mkazi mnzanga," anatero, pajatu ndi mmene amanditchulira, "undijambule bwino, amuna athu andione." Tinaseka. Kamera ikuyenda, ndinafunsa mwachizolowezi kuti anamva bwanji malume atakana.

Anakhala chete nthawi yaitali, akusisita bondo.

"Mlongo wanga sanakane kanthu," anatero. "Kalatayo sanaione n'komwe. Ndinaitentha ine."

Mnzanga wa kamera anandiyang'ana. Ine pakamwa panauma.

Agogo sadziwa kuwerenga. Kalata anawawerengera mnyamata wa nyumba yoyandikana, ndipo usiku womwewo anaiponya pamoto. Aphunzitsi atabwera anatchula mlongo wawo, podziwa kuti palibe angatsike mpaka ku Mtakataka kukatsutsana ndi mwini mbumba. Zifukwa anazinena chimodzichimodzi, mosadziteteza. Agogo aamuna anali ku Joni, ndalama zinkabwera mwa apo ndi apo, ndipo amayi ndiwo anali dzanja lawo lamanja pakhomo. Mtsikana wina wa mudzi wapafupi anali atapita kutauni ndi gulu la sukulu n'kubwerako ndi pathupi, sukulu n'kuthera pomwepo. Kutsidya kwa malire kunkamveka mfuti usiku. Anamvanso kuti ku boma atsikana amathamanga atavala kabudula pamaso pa amuna. Ndipo amayi achikulire ankanena kuti mtsikana wothamanga kwambiri amauma m'mimba, sadzabereka.

"Ndinaopa," anamaliza. "Ndinali ndi mwana mmodzi wamkulu. Ndinati bola andide ali pano."

Ndisaname, ndinakwiya. Ndinatuluka n'kukaima kuseri kwa nkhokwe, ndikuwerengera m'mutu zinthu zimene sizinachitike: Lilongwe, sekondale, mwina ndege. Mwinanso palibe chikanachitika, akanakagonja ku boma n'kubwerera. Koma akanagonja yekha, ndi miyendo yake.

Mkwiyowo unayamba kutsika nditakumbukira zimene ndinawerenga miyezi ija ndili pabenchi. Mantha a agogo sanali a ku Bembeke kokha. Mu 1928 ku Amsterdam akazi anathamanga mamita 800 pa Olimpiki, ndipo manyuzipepala atalemba kuti atsikanawo anatheratu, akuluakulu a masewera anauchotsa mpikisanowo. Unabwereranso mu 1960 ku Rome, patapita zaka 32. Mu 1967 ku Boston, mkulu wina wa marathon anathamangira Kathrine Switzer pakati pa mseu kuti amuchotse nambala yake, 261, chifukwa choti ndi mkazi. Marathon ya akazi inalowa mu Olimpiki mu 1984 ku Los Angeles, pomwe Joan Benoit anapambana. Apatu n'kuti kwangotsala zaka zochepa kuti amayi aime pa mzere wa phulusa. Amene ankatsekereza akazi kumeneko anali anthu a masuti ndi madigiri, ndipo nawonso ankanena za thupi la mkazi ndi kubereka. Kuno kwathu, kuyambira 1973 mpaka 1993, lamulo la kavalidwe linkaletsa akazi kuvala mathalauza ndi masiketi oonetsa mawondo pagulu. Dziko lonse linkaphunzitsidwa kuti bondo la mkazi ndi mlandu. Nanga mayi wosaphunzira, wosiyidwa yekha ndi ana m'malire a nkhondo, akanaganiza zotani?

Izi sizikutanthauza kuti anachita bwino. Zikungotanthauza kuti sanali chilombo.

Koma apa ndiye panabwera mayesero anga. Usiku tikuonera zimene tajambula, mnzanga anaimitsa pa nkhope ya agogo n'kunena kuti: "Asisi, filimu ndi iyi. Masekondi 40 awa okha atiyendetsa dziko lonse." Sankanama. Ntchito yanga ndimaidziwa. Kudula pa mawu akuti "ndinaitentha ine", nkhope pafupi, kanyimbo kachisoni pansi, timawu tokopa pamwamba. Pofika mawa lake anthu masauzande akanakhala ataonera, ndipo mwina wina wa ndalama akanatiimbira. Ndinkadziwanso zimene zikanatsatira. Anthu amene sanagonepo ndi njala akanawatcha agogo anga mfiti, ansanje, opha tsogolo la mwana. Agogo amene sadziwa n'komwe kuti TikTok n'chiyani. Ndipo amayi akanamva chinsinsi cha moyo wawo kuchokera pa foni ya munthu wina kumsika.

Ndinalephera kugona. M'mamawa ndinawapeza amayi kukhitchini akukoleza moto, ndipo ndinawauza zonse, mawu akunjenjemera. Sanatembenuke. Anapitiriza kuuzira moto mpaka unayaka.

"Ndinkadziwa," anatero.

"Munkadziwa?"

"M'mawa mwake ndinkaola phulusa ndine. Ndinapeza kangodya ka pepala kosapsa, kali ndi chidindo cha sukulu."

"Ndiye zaka zonsezi mumangoti malume, malume?"

Anaika mphika pamafuwa. "Ukakwiyira malume amene ali ku Mtakataka, umagona tulo. Ukakwiyira amako amene ukudya nawo mbale imodzi, ukakhala kuti?"

Ndinawafunsa ngati sanadandaule. Anati anadandaula, ndipo mpaka lero akamva wenzulo kusukulu mtima umadumpha. Sitandade 8 sanamalize, anakwatiwa, tinabadwa ife anayi. "Ndiye kuuma m'mimba kuja kunali bodza," anatero, n'kuseka pang'ono. Sanalire. Ndinalira ndine, iwo n'kundiuza kuti ndisunthe ndikutchinga utsi.

Tsiku lomwelo tinabwerera kwa agogo, ine ndi amayi, kamera itatsala. Ndinawafotokozera mmene ndikanathera kuti filimu ikalowa pa intaneti sibwerera, idzaonedwa ndi anthu a ku Blantyre, a ku Joni, ndi adzukulu amene sanabadwe, ndipo ena adzatukwana. Ndinati akafuna ndifufuta pomwepo iwo akuona. Kunena zoona, izi ndinayenera kunena ndisanayatse kamera tsiku loyamba lija. Munthu kuvomera kujambulidwa si kuvomera zonse zimene chithunzi chake chidzachite.

Agogo anayang'ana mwana wawo, osati ine. Kenako anati: "Uike. Mlongo wanga wagona ndi mlandu wosakhala wake, ndani amuyeretse ine ndikapita? Koma usandidule pakamwa. Uike zonse, ndi mantha anga omwe."

Amayi anawonjezera chimodzi: "Ndipo mawu amenewo asayende okha."

Pangano linakhala limenelo. Mu filimu agogo amalankhula mphindi 6 osadulidwa, ndipo palibe kachidutswa kawo kamene kadzatuluke pakokha. Mnzanga wa kamera anang'ung'udza kuti masiku ano palibe amaonera gogo kwa mphindi 6. Mwina akunena zoona. Nkhani ino nayo ndawawerengera onse awiri ndisanaitumize, ndipo amayi angondiuza kuti ndichotse pamene ndinalemba kuti analira, chifukwa sanalire. Ndachotsa.

Tsiku lomaliza amayi anavomera nkhope. Tinapita pabwalo lija. Bulugamu anadulidwa, chatsala chitsa, ndipo theka la bwalo ndi munda wa chimanga. Tinalemba mzere ndi phulusa, mwana wa achemwali n'kuthamanga pamalo pa agogo ake, wopanda nsapato. Kamera tinailoza kwa mwanayo, koma chithunzi chabwino koposa mu filimu yonse chinabwera mwangozi. Mwana akufika pachitsa, amayi anaiwala bondo, anaiwala kamera, anapendekera kutsogolo n'kukuwa: "Tuluka! Tuluka pomwepo! Usayang'ane m'mbuyo!" Mawu amenewo sindinawamvepo kwa iwo. Anali mawu a mtsikana wa Sitandade 7.

Filimu yatha, ndi ya mphindi 24. Tinayamba kuionetsa kumudzi, pa nsalu yoyera yokhomedwa pakhoma, anthu atafunda mabulangete. Mayi wa minga uja anabwera, ndipo pofika pa gawo lake anaimirira kuti atsindike kuti minga inalipodi. Pa gawo la agogo panali zii. Palibe anatukwana. Amayi ena achikulire ankangogwedeza mitu, ndipo ndinazindikira kuti kalata yotenthedwa m'mudzi muja siinali imodzi. Itatha, agogo anakodola mwana wothamanga uja n'kuuza achemwali anga kuti: "Ameneyu akadzabwera ndi kalata, mundiwerengere mokweza, anthu akumva."

Ngongole ya Grosseto ndidakali nayo, ndipo ndidzaibweza, chifukwa siliva ya Catherine Chikwakwa iyenera kudziwika ndi mwana aliyense wa sukulu m'dziko muno. Kungoti tsopano ndikuiona mwina. Kale ndinkaiona ngati chozizwitsa, mtsikana mmodzi wotuluka m'dziko lopanda othamanga. Othamanga analipo, ndipo alipo. Funso langa lanzeru lija, lakuti ali kuti, yankho lake ndi lakuti ali kudimba, ali pamsika wa pa Bembeke, akutsika makonde chammbali. Amene timawadziwa mayina ndi amene makalata awo anafika.

Inu amene mukuwerenga pa foni, chida muli nacho kale m'manja. Simukusowa kamera ya maukwati. Mukapita kumudzi, khalani pansi ndi amayi, azakhali kapena agogo, muwafunse zimene ankadziwa kuchita asanakhale mayi wa winawake. Musafulumire. Pemphani kaye musanajambule, ndipo muwauze zoona za kumene mawu awo angafike. Foni muiike m'sokosi ngati kuli mphepo, ndipo zimene mwajambula muzisunge malo awiri. Mwina simupeza wothamanga. Mwina mupeza woimba, wa masamu, wa ntchemberembaye. Koma funsani akadali moyo.

Pobwerera ku Lilongwe ndinapempha mbale ija. Ndinkafuna ndiiike m'galasi, pashelefu, pafupi ndi satifiketi yanga. Amayi anaitenga m'manja mwanga, anaipukuta ndi chitenje, n'kuibwezera pathandala pamodzi ndi zinzake.

"Mbale ndi yodyera," anatero. "Ukadzabwera pa Khirisimasi udzaipeza muli nyemba."